NotPetya

NotPetya ndi pulogalamu yowononga makompyuta yomwe inabuka pa 27 June 2017 m'dziko la Ukraine, ndipo m'maola ochepa inafika m'maofesi, m'mafakitale ndi m'madoko a m'mayiko oposa 60. Poyamba inkaoneka ngati ya akuba ofuna dipo, chifukwa inkatseka mafayilo n'kusiya uthenga woti mwini kompyuta alipire madola 300 a ku America kudzera mu ndalama ya pa intaneti ya Bitcoin. Patangopita masiku ochepa, akatswiri anazindikira kuti ngakhale munthu atalipira, panalibe njira yotsegulira mafayilowo. Pulogalamuyi inapangidwa kuti ingowononga basi. Akuluakulu a boma la United States anati zomwe zinatayika zinali zoposa madola 10 biliyoni, ndipo mpaka pano NotPetya ili m'gulu la ziwembu za pakompyuta zomwe zinawonongetsa ndalama zambiri.

Nkhani ya NotPetya imaphunzitsidwa kawirikawiri kwa ophunzira za chitetezo cha makompyuta chifukwa makampani omwe anagwa nayo sanali osauka kapena osowa akatswiri. Anali ndi mapulogalamu a antivirus, anali ndi firewall, ndipo ena anali atakonza kale makompyuta awo ambiri. Zida zonsezi zinapangidwa kuti ziletse mdani wochokera kunja, pomwe NotPetya inalowa ngati mlendo wodziwika, ndipo itafika m'kati inkatsegula zitseko ndi makiyi a eni nyumba.

Dzina

M'chaka cha 2016 kunali pulogalamu ina ya akuba yotchedwa Petya. Iyo sinkatseka fayilo imodziimodzi monga zinkachitira zinzake, koma inkatseka kaundula yemwe kompyuta ya Windows imayang'anamo pofuna kudziwa malo a fayilo iliyonse. Kaundulayo akatsekedwa, mafayilo amakhalamo koma kompyuta siingawapeze. Petya inali ya dipo lenileni: wolipira ankatha kulandira kiyi wotsegulira.

Pulogalamu ya mu June 2017 inabwereka maonekedwe ndi zigawo zina za Petya, moti tsiku loyamba manyuzipepala ambiri analemba kuti Petya yabweranso. Akatswiri a kampani ya Kaspersky atayifufuza anati ndi chinthu china, choncho anaitcha NotPetya, kutanthauza kuti si Petya. Imadziwikanso ndi mayina akuti ExPetr ndi Nyetya.

Khomo lomwe inalowera

Ku Ukraine makampani ambiri ankalemba ndi kutumiza malipoti a msonkho kuboma pogwiritsa ntchito pulogalamu ya M.E.Doc, yopangidwa ndi kampani yaing'ono ya mumzinda wa Kyiv yotchedwa Intellect Service. Kampani iliyonse yakunja yomwe inali ndi nthambi ku Ukraine inkafunika kulipira msonkho kumeneko, choncho maofesi owerengera ndalama a makampani akuluakulu a padziko lonse nawonso anali ndi M.E.Doc, mwina pa kompyuta imodzi kapena ziwiri zokha.

Monga mapulogalamu ena onse, M.E.Doc inkalandira ma update, kutanthauza zokonza ndi zowonjezera zomwe opanga pulogalamu amatumiza pa intaneti nthawi ndi nthawi. Achiwembu anathyola maseva a Intellect Service n'kubisa kakhomo kachinsinsi m'kati mwa ma update amenewa. Kampani ya zachitetezo ya ESET inapeza kakhomoka mu ma update atatu, a pa 14 April, 15 May ndi 22 June 2017. Izi zikusonyeza kuti achiwembuwo anakhala m'kati kwa miyezi yoposa iwiri asanatulutse NotPetya. Pa 27 June, kutatsala tsiku limodzi kuti lifike tchuthi chokumbukira malamulo oyendetsera dziko la Ukraine, anagwiritsa ntchito njira yomweyo kutumiza pulogalamu yowonongayo.

Kumayambiriro kwa July apolisi a ku Ukraine analanda maseva a Intellect Service. Akuluakulu a boma ananena kuti mapulogalamu a m'masevawo anali asanakonzedwe kuyambira 2013. Chitetezo cha makampani a mabiliyoni chinkadalira makina a kampani yomwe mabwana awo ambiri anali asanaimvepo n'komwe. Chiwembu chamtunduwu, chodzera mwa wogulitsa kapena wopereka ntchito yemwe kampani imamudalira, m'Chingerezi chimatchedwa supply chain attack.

Momwe inkafalikira

Ikalowa pa kompyuta imodzi, NotPetya inkafunafuna makompyuta ena onse a pa netiweki yomweyo, ndipo inali ndi njira ziwiri zowafikira.

Njira yoyamba inali chida chotchedwa EternalBlue, chomwe chimadzera pa bowo la mu SMB, dongosolo lomwe makompyuta a Windows amatumizirana nalo mafayilo. Chidachi chinapangidwa ndi bungwe la akazitape la ku America la National Security Agency, koma gulu lodzitcha Shadow Brokers linachitulutsa poyera mu April 2017. Kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka bowolo mu March, komabe makampani ambiri anali asanachiike pa makompyuta awo onse. Mu May chaka chomwecho pulogalamu ya WannaCry inadzera pa bowo lomweli n'kusokoneza zipatala za boma ku Britain, choncho chenjezo linalipo.

Njira yachiwiri ndi yomwe inasiyanitsa NotPetya ndi WannaCry. M'kati mwake munali chida chofanana ndi Mimikatz, pulogalamu yomwe katswiri wa ku France, Benjamin Delpy, anailemba mu 2011 pofuna kusonyeza kuti Windows imasiya mawu achinsinsi a anthu m'chikumbumtima cha kompyuta. NotPetya inkatola mayina ndi mawu achinsinsi omwe inawapeza pa kompyuta yoyamba, n'kulowa nawo pa makompyuta ena kudzera mu PsExec ndi WMIC, zida zovomerezeka zomwe oyang'anira makompyuta m'makampani amagwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Ikapeza mawu achinsinsi a woyang'anira wamkulu, zitseko zonse zinkatseguka.

Njira ziwirizi zinkathandizana. Kompyuta imodzi yopanda chigamba inkakwanira kuti pulogalamuyi ilowe ndi EternalBlue, kenako mawu achinsinsi otoledwa pamenepo ankaifikitsa pa makompyuta okhala ndi chigamba. Kampani yomwe inakonza makompyuta 99 mwa 100 inkatha kutaya onse.

Ikamaliza kufalikira, inkadikira kwa nthawi yosapitirira ola limodzi n'kuzimitsa kompyuta. Kompyutayo ikayakanso, pagalasi pankaoneka uthenga wabodza wosonyeza ngati Windows ikukonza diski, pomwe kwenikweni kaundula wa mafayilo ankatsekedwa. Kenako pankabwera zilembo zofiira zofuna dipo. Nambala yomwe wolipira ankauzidwa kuti atumize inali zilembo zongosakaniza, zosagwirizana ndi kiyi aliyense. Komanso adiresi ya imelo yolandirira mauthenga inali imodzi yokha, ndipo kampani ya ku Germany ya Posteo inaitseka tsiku lomwelo. Akuba ofunadi ndalama sakanakonza njira yolandirira malipiro mosasamala chonchi.

Chifukwa chake chitetezo chakale chinalephera

Kwa zaka zambiri makampani ankateteza makompyuta awo ngati momwe munthu amatetezera nyumba ya mpanda: mpanda wolimba kunja, mlonda pageti, koma m'kati zitseko zosakhoma. Firewall ndiye mpandawo, ndipo imayang'ana zomwe zikuchokera pa intaneti. Update ya M.E.Doc inali yololedwa kudutsa, chifukwa kampani yokha ndi yomwe inaika pulogalamuyo.

Antivirus ya nthawi imeneyo inkagwira ntchito makamaka poyerekezera fayilo ndi mndandanda wa mapulogalamu oipa odziwika kale. Pulogalamu yatsopano siikhala pa mndandandawo mpaka akatswiri ataiona ndi kuilembapo, ndipo zimenezi zimatenga maola. NotPetya sinkafuna maola. Mtolankhani Andy Greenberg, yemwe anafufuza nkhaniyi n'kuilemba m'magazini ya Wired mu 2018 komanso m'buku lake la Sandworm la mu 2019, anati netiweki ya banki ina yaikulu ya ku Ukraine inagwa m'masekondi 45. Ndipo popeza inkayenda ndi mayina enieni a ogwira ntchito ndi zida zovomerezeka za Windows, makina ambiri olondera ankaona ngati woyang'anira makompyuta ali pantchito yake.

Vuto lina linali lakuti manetiweki a makampani ambiri sanali ogawidwa m'zigawo. Kompyuta ya wowerengera ndalama ku Ukraine inkatha kulankhula ndi seva ya ku likulu ku Ulaya kapena ya kufakitale ku Australia popanda chotchinga chenicheni. Ngakhale zosunga zapadera, zomwe kampani imakopera kuti idzabwezeretse zinthu zikawonongeka, nthawi zambiri zinali zolumikizidwa pa netiweki yomweyo, choncho zinawonongekera limodzi ndi zomwe zinkayenera kupulumutsa.

Zomwe zinachitikira Maersk

Kampani yomwe nkhani yake imadziwika bwino ndi A.P. Moller-Maersk, yonyamula makontena pa sitima zapamadzi, yomwe likulu lake lili ku Copenhagen m'dziko la Denmark. Pa nthawiyo inali yaikulu kuposa zonse pa ntchitoyi, ndipo mwa makontena asanu aliwonse oyenda panyanja, pafupifupi imodzi inkanyamulidwa ndi iyo. Malinga ndi Greenberg, M.E.Doc inali pa kompyuta imodzi mu ofesi ya Maersk mumzinda wa Odessa, ndipo NotPetya inalowera pamenepo.

Masana a pa 27 June makompyuta a m'maofesi a kampaniyi anayamba kuzima motsatizana. Ogwira ntchito ankathamanga m'makonde kuuza anzawo kuti azule mawaya. Panatenga maola oposa awiri kuti netiweki yonse idulidwe, ndipo pofika nthawiyo zambiri zinali zitawonongeka kale. Makompyuta oyendetsa sitima sanakhudzidwe, koma a m'madoko anafa. Mwa madoko 76 omwe nthambi yake ya APM Terminals inkayendetsa, 17 anaima, kuphatikizapo a ku Rotterdam, ku Mumbai ndi ku Elizabeth m'chigawo cha New Jersey. Mageti sankatha kuwerenga zikalata za malole, ndipo palibe yemwe ankadziwa zomwe zili mu kontena iliyonse kapena komwe ikupita. Malole anandanda mitunda yaitali kunja kwa madoko. Kwa masiku angapo ogwira ntchito ankalandira maoda pa WhatsApp, pa maimelo awoawo ndi papepala.

Ntchito yobwezeretsa inachitikira ku Maidenhead, kufupi ndi London, komwe akatswiri mazanamazana ankagwira usana ndi usiku. Kumeneko anapeza vuto lomwe likanathetsa zonse. Maersk inali ndi maseva pafupifupi 150 otchedwa domain controller, omwe amasunga mayina a ogwira ntchito onse ndi zomwe aliyense amaloledwa kutsegula. Masevawa ankakoperana okhaokha, choncho kampaniyo inkaona kuti imodzi ikafa zinazo zilipo. Palibe anaganizira zoti onse angafe nthawi imodzi. Popanda masevawa, zina zonse zomwe zinasungidwa zinali zopanda ntchito.

Ataimba mafoni m'maofesi a padziko lonse, anapeza seva imodzi yamoyo kumadzulo kwa Africa. Greenberg analemba kuti inali ku Ghana, pomwe nkhani zina zochokera kukampaniyo zimatchula mzinda wa Lagos ku Nigeria. Onse amagwirizana pa chifukwa chake: magetsi anazima NotPetya isanafike, seva n'kuchoka pa netiweki. Kuzima kwa magetsi, komwe amalonda amadandaula nako tsiku lililonse, ndi komwe kunasunga kaundula wa kampani yonse. Intaneti ya ofesiyo inali yochedwa moti kutumiza zonsezo kukanatenga masiku, choncho diski inanyamulidwa pamanja. Greenberg akuti ogwira ntchito a ku Ghana analibe ziphaso zolowera ku Britain, ndiye mmodzi anakwera ndege kupita ku Nigeria, n'kukapatsira mnzake pabwalo la ndege, yemwe anaifikitsa ku London.

Mu January 2018, pa msonkhano wa World Economic Forum ku Davos, wapampando wa Maersk, Jim Hagemann Snabe, anati kampaniyo inaikanso mwatsopano maseva 4,000, makompyuta 45,000 ndi mapulogalamu 2,500 m'masiku khumi, ndipo inataya pakati pa madola 250 miliyoni ndi 300 miliyoni. Greenberg anaululanso kuti mu 2016 akatswiri ena a m'kampaniyo anachenjeza za netiweki yosagawidwa ndi maseva akale, ndipo ndalama zokonzera zinavomerezedwa, koma ntchitoyo sinachitike chifukwa sinali pa zinthu zomwe mabonasi a mabwana ankayezedwera. Pa nkhani yonse ya NotPetya, mfundo iyi ndi yomwe ikukhudza kayendetsedwe ka kampani kuposa luso la makompyuta.

Makampani ena

Kampani yopanga mankhwala ya ku America ya Merck inanena kuti inataya madola pafupifupi 870 miliyoni. Mafakitale ake ena anaima, moti inachita kubwereka katemera wake womwe wa Gardasil kunkhokwe ya boma ya Centers for Disease Control and Prevention kuti ikwaniritse maoda. FedEx inataya pafupifupi madola 400 miliyoni kudzera ku nthambi yake ya TNT Express, yomwe inali itangoigula mu 2016. Mondelez, mwini wa Cadbury ndi Oreo, inataya maseva 1,700 ndi malaputopu 24,000, ndipo fakitale ya chokoleti ya ku Hobart pachilumba cha Tasmania inaima. Saint-Gobain ya ku France, Reckitt Benckiser ndi WPP za ku Britain, ngakhalenso kampani ya mafuta ya ku Russia ya Rosneft, zonse zinakhudzidwa.

Ku Ukraine kwenikweniko zinthu zinafika poipa kwambiri. Mabanki, maunduna a boma, makampani a magetsi, bwalo la ndege la Boryspil ndi sitima zapansi za mu Kyiv zinasokonekera. Makina otapira ndalama ndi olipirira ndi khadi anasiya kugwira ntchito m'malo ambiri. Ku Chernobyl, ogwira ntchito anayamba kuyeza mphamvu ya poizoni wa nyukiliya ndi zida zam'manja chifukwa makompyuta anali atazima.

Omwe anaipanga

NotPetya inabwera pa nthawi ya mkangano wa Russia ndi Ukraine, womwe unakula mu 2014 Russia italanda Crimea. Mu December 2015 ndi December 2016 achiwembu anali atazimitsa kale magetsi m'madera ena a Ukraine kudzera pa makompyuta. Mu February 2018 maboma a Britain ndi United States ananena poyera kuti NotPetya inapangidwa ndi asilikali a Russia, ndipo mayiko ena monga Australia, Canada ndi Denmark anagwirizana nawo. Mu October 2020 unduna wa zachilungamo wa United States unatsegulira mlandu akazitape asanu ndi mmodzi a bungwe la GRU, a m'gulu la Unit 74455 lomwe akatswiri amalitcha Sandworm. Boma la Russia limakana zonsezi.

Kwa amalonda, chodetsa nkhawa n'chakuti Maersk, Merck ndi anzawo sanali pankhondo ndi aliyense. Chida chopangidwa ndi boma, chomangidwa pa chida china chobedwa ku boma lina, chinawapeza chifukwa chongokhala ndi ofesi ku Ukraine.

Zomwe zasintha pa chitetezo

NotPetya inalimbikitsa maganizo omwe analipo kale otchedwa zero trust, dzina lomwe John Kindervag wa ku kampani ya Forrester analitchukitsa mu 2010. Mfundo yake ndi yakuti munthu kapena kompyuta isakhulupiriridwe chifukwa chongokhala m'kati mwa netiweki, koma izitsimikiziridwa nthawi iliyonse ikafuna kutsegula chinthu. Bungwe la boma la America loona za miyezo, la NIST, linatulutsa malangizo a njirayi mu August 2020.

M'makampani ambiri akuluakulu manetiweki anagawidwa kuti moto ukabuka chipinda chimodzi usafike kwina. Oyang'anira makompyuta anachepetsedwa mphamvu, ndipo polowa pamafunika chitsimikizo chachiwiri kuwonjezera pa mawu achinsinsi, monga nambala yobwera pa foni. Zosunga zapadera zina zimaikidwa posalumikizidwa ndi netiweki, zomwe ku Maersk zinachitika mwangozi. Mapulogalamu olondera atsopano amayang'ana khalidwe la zomwe zikuchitika pa kompyuta, osati dzina la fayilo lokha.

Khomo la ogulitsa mapulogalamu ndi lomwe likuvutabe kutseka. Mu December 2020 zinadziwika kuti achiwembu anabisa kakhomo kachinsinsi mu update ya pulogalamu ya Orion ya kampani ya SolarWinds, ndipo makasitomala pafupifupi 18,000 anailandira, kuphatikizapo maunduna a boma la America. Apa pali chothetsa nzeru: kampani yosaika ma update imasiya mabowo ngati la EternalBlue, pomwe yoika msanga ingalandire chiwembu ngati cha M.E.Doc. Madoko nawo sanasiye kugwidwa. Mu July 2021 chiwembu cha pakompyuta chinasokoneza kampani ya Transnet ku South Africa n'kuimitsa ntchito ya makontena ku Durban, doko lomwe katundu wina wa ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amadzera.

Milandu ya inshuwaransi

Makampani atapita kukatenga chipukuta misozi, anakumana ndi ndime yakale yomwe imapezeka m'mapangano ambiri a inshuwaransi, yoti zowonongeka chifukwa cha nkhondo sizilipiridwa. Popeza maboma anali atanena kuti NotPetya ndi ntchito ya asilikali a Russia, makampani a inshuwaransi anati imeneyi ndi nkhondo.

Mondelez inasumira Zurich American Insurance mu 2018, ikufuna madola 100 miliyoni. Mlanduwo unatha mu 2022 mbali ziwirizi zitagwirizana kunja kwa khoti, ndipo zomwe anagwirizana sizinaululidwe. Merck, yomwe pa mlandu wake inatchula kutaya madola 1.4 biliyoni ndi makompyuta pafupifupi 40,000, inasuma ku New Jersey. Khoti loyamba linagamula mokomera Merck, ponena kuti mawu a m'ndimeyo ankatanthauza nkhondo ya zida ndi asilikali, ndipo a inshuwaransi akanafuna kuphatikizapo ziwembu za pakompyuta akanalemba choncho. Khoti la apilo linagwirizana ndi chigamulochi mu May 2023. Mu January 2024, khoti lalikulu la New Jersey litatsala pang'ono kumva nkhaniyi, mbali ziwirizo zinagwirizana.

A inshuwaransi sanadikire kutha kwa milanduyi kuti asinthe mawu a mapangano awo. Mu August 2022 msika wa inshuwaransi wa Lloyd's of London unalamula mamembala ake kuti kuyambira pa 31 March 2023, mapangano oteteza ku ziwembu za pakompyuta azikhala ndi ndime yomveka bwino yochotsa ziwembu zikuluzikulu zothandizidwa ndi maboma, komanso yofotokoza momwe mbali ziwiri zidzadziwire kuti boma linalake ndi lomwe lachita.